Kwatsala Masiku Makumi Anayi

Kuno ku Łódź dzuwa limaweruka msanga mwezi uno.
Ikamakwana folo koloko mdima watsamira kale pawindo,
ine ndili pansanjika yachisanu, tiyi akuzizira,
ndikuonera kachisanu ndi chiwiri kakanema ka mphindi ziwiri
kamene opanga gemu atiponyera ngati fupa.

Ndimakaimitsa pa sekondi ya makumi atatu.
Apo! Pakona ya sikirini pali ngala ya tirigu,
pambali pake kanambala kofiira, kakutsika.
Ndiye kuti chakudya chiziwola m'nkhokwe?
Ndiye kuti asilikali anga akapita kutali
adzayamba kuyang'ana mahatchi awo ndi diso la njala?

Ndamuimbira Bogumił, mng'ono wanga, woyendetsa tramu.
Akuti iwe umaona zambiri, kanambalako ndi msonkho chabe.
Iye mtima wake uli pamalire:
kodi mtsinje ukaundana adani adzaoloka wapansi?
Kodi kazembe adzagulika ndi mbiya ya uchi?
Kodi pangano la mtendere lidzakhala ndi tsiku lothera
ngati mkaka wa m'sitolo?
Timatsutsana mpaka foni kuyamba kulira batire,
pa chinthu choti tonsefe sitinachigwirepo.

Kope ndagula kale, la timabokosi.
Tsamba loyamba: likulu pomwe mitsinje iwiri ikumana.
Lachiwiri: mgodi wa mchere kaye, nkhondo pambuyo.
Lachitatu ndalemba, ndafufuta, ndalembanso,
misewu kapena zombo?
Golide sadzakwanira zonse, ndikudziwa,
anthu awa sadzaza munthu manja onse awiri.

Dobrosława wasuzumira pakhomo:
"Mfumu ya mafumu, bini yadzaza."
Ndatsika masitepe ndi thumba la makoko a mbatata,
ufumu wonse uli m'mutu, silipasi kumapazi.

Pansi ndapeza bambo Eustachy akukolopa chipale pakhomo,
zaka makumi asanu ndi atatu, chipewa mpaka m'makutu.
Ndawauza za gemu, sindikudziwa chifukwa chake,
kuti ukalanda mzinda umasintha mtundu pamapu,
wobiriwira n'kukhala wofiira, kungodina kamodzi.
Atsamira fosholo.
Akuti bambo awo anabadwira m'dziko lina,
anakwatira m'dziko lina, anamwalira m'dziko lachitatu,
koma khomo linali lomwelo, chitsime chomwecho,
mtengo wa mapeyala womwewo.
Chimasintha ndi chidindo papepala
ndi chinenero chopepesera kwa wapolisi.
Atero, n'kubwerera ku chipale chawo.

Ndakwera pang'onopang'ono.

Tsopano ndikufuna kudziwa zina, inu opanga gemu.
Mzinda ndikaupaka mtundu wanga,
kodi anthu ake adzakumbukira dzina lakale la msewu?
Padzakhala kanambala kowerenga zimenezo?
Kodi kadzatsika pakapita mibadwo ingati,
kapena kadzangokhala phee pansi pa mapu
ngati khala m'phulusa,
kudikira tsiku limene asilikali anga ali kutali?
Nanga batani longodutsa, kusiya mudzi uli chomwecho,
mwaliika pati?

Bogumił akuti zoterozo zingachedwetse gemu,
anthu amalipira kuti agonjetse, osati kuti apepese.
Mwina akunena zoona.
Mawa ali ndi tramu ya faifi koloko m'mawa, wadula foni.

Patsamba lachinayi ndajambula kamudzi,
nyumba zisanu ndi imodzi, chitsime, mtengo umodzi,
ndalemba pansi pake: aka osakakhudza.
Ndayang'ana nthawi yaitali.
Ndikudzidziwa ine.
Pansi pa mtengowo pakadzapezeka chitsulo,
Bogumił ali kutsidya ndi magaleta ake,
chala changa chidzanjenjemera pabatani
mwina masekondi atatu.

Kwatsala masiku makumi anayi.
Panja fosholo ikukhulabe simenti.
Ndabwezera kakanema poyambira,
ndikufunafuna pakona ina
ngati pali kanthu kena kamene sindinakaone.